A Gonanipo ndi Kabedi Koyezerapo Odwala

Malemu amene atisonkhanitsa pano lero anabadwa pa 9 Ogasiti 1958, ndipo anali achiwiri m'banja la ana asanu. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, chitsirizira cha m'nyumbamo. Abale sanandisankhe chifukwa chodziwa kuyankhula ayi, koma kuti ena onse ayesa kuwerenga pepalali n'kulephera kufika nalo pakati. Choncho azibusa, madokotala, anamwino, ndi inu nonse mwabwera kudzatipepesa, mawu akandithawa penapake mundipirire.

Dzina lawo lenileni mwaliona pabokosipo. Koma ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwachita kufunsana kuti dzina limeneli ndi la yani, popeza kuchipatala, kusukulu ya madokotala, ngakhale kunyumba komwe, tonse tinkangowatchula kuti a Gonanipo. Kumene dzinali linachokera mumva.

Bambo athu anali telala, ndipo mayi ankagulitsa zipatso pamsika. Malemu anayamba sukulu mu 1965. Anali mwana wa manja osakhazikika. Akaweruka n'kupita kukathandiza mayi, ankadina peyala lililonse ndi chala kuti amve ngati lapsa, mpaka mapeyala kuchita mabala. Anamenyedwapo kangapo pa mlandu umenewu, koma sanasiye.

Mu 1972 mayi anadwala m'mimba ndipo malemu ndi amene anawaperekeza kuchipatala. Anakhala pamzera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Atalowa, adokotala anawafunsa mafunso maso ali papepala, n'kuwalembera mapiritsi. Pobwerera mayi anataya mapiritsiwo m'ngalande, akudandaula njira yonse kuti munthu uja sanawagwire n'komwe, ndiye wadziwa bwanji chimene chikuwawa. Mwamwayi anachira okha, ndipo anakhala ndi moyo mpaka kukalamba, akunyozabe dokotala uja. Koma dandaulo lawo linamera mumtima mwa mwana wawo.

Malemu anapita kusekondale mu 1973, ndipo mu 1977 anasankhidwa kukaphunzira udokotala. Anamaliza mu 1984. Tsiku limene analandira satifiketi, bambo anawasokera jekete la manja aatali kupitirira zala. Analivala choncho osadandaula, ndipo chithunzi chake chikadali pakhoma kunyumba.

Mu 1985 anawatumiza pachipatala chaching'ono, chokhala ndi dokotala mmodzi yekha. M'chipinda choonera odwala munali tebulo, mipando iwiri, sinki yosatuluka madzi, ndi kabedi koyezerapo odwala kukhoma. Kabediko sikankaoneka, chifukwa pamwamba pake panali makatoni a mankhwala ounjikana mpaka pawindo. Tsiku lina mphunzitsi wina wamkazi anabwera ndi mwana wasukulu amene anakomoka m'kalasi. Malemu, m'malo mopereka moni, anauza mphunzitsiyo kuti agwire katoni mbali inayo. Awiriwa anatsitsa makatoni onse, n'kumugoneka mwanayo. Mphunzitsi ameneyo ndi alamu angawa, akhala apawa. Mpaka lero amati anzawo anafunsiridwa ndi maluwa, koma iwo anafunsiridwa ndi makatoni. Ukwati unamangidwa pa 12 Disembala 1987, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Woyamba, wamkazi, anabadwa mu 1989. Ameneyu ndi amene timamutchula kuti Dokotala Wamng'ono. Mundikhululukire kuti sindikumupatsa ulemu wa akuluakulu. Ndinamunyamula ali khanda ndipo anandinyowetsera malaya kambirimbiri, choncho pakamwa panga sipazolowera. Mumusunge mumtima, chifukwa mbiriyi ikamapita kumapeto ndi yakenso.

Mu 1993 malemu anapatsidwa mwayi wopitiriza maphunziro. Anzawo ankasankha za opaleshoni, za mtima, za ubongo. Iwo anasankha udokotala wa mabanja, ndiko kuti dokotala amene wodwala amayamba kukumana naye, amene amaona agogo, mayi ndi khanda pakhomo limodzi, n'kudziwa woti amuthandize pompo ndi woti amutumize kuchipatala chachikulu. Anzawo anawaseka kuti nzeru zonse zija akufuna kuthera pa chimfine. Iwo ankangoyankha kuti matenda aakulu onse amalowera pakhomo la chimfine, ndiye pakhomopo payenera kukhala munthu wogalamuka.

Kafukufuku amene anawatchukitsa anayamba mu 1998. Anayendera zipatala zazing'ono zambirimbiri, m'matauni ndi m'midzi. Ogwira ntchito akamva kuti kukubwera ofufuza ankasesa, n'kukonza mabuku a mankhwala kuti aonetse. Koma malemu akafika sankafunsa buku. Ankangolowa m'chipinda choonera odwala n'kuyang'ana chimene chili pakabedi koyezera. Zimene anapezapo, abale, mukanaseka. Makatoni, mafayilo, maambulera, ketulo ya tiyi, zikwama za anamwino, gudumu la njinga. Pachipatala china anapeza mphaka ataswerapo ana, ndipo anthu ake anachita kupempha kuti asamusokoneze. Kenako ankakhala panja n'kumafunsa wodwala aliyense wotuluka ngati adokotala amugwira pathupi. Pa odwala khumi alionse, oyankha kuti inde sankafika atatu.

Sanalekere pomwepo. M'zipatala zina anachotsa katundu pamabedi aja, anapachika nsalu yotchinga kuti wodwala asachite manyazi povula, ndipo anaphunzitsa ogwira ntchito kuyeza ndi manja. Zipatala zina anazisiya mmene zinalili kuti adzafanizire. Patapita zaka, zinaoneka kuti kumene kabedi kankagwira ntchito yake, zotupa za m'mimba, mavuto a amayi oyembekezera, ndi kutupa kwa miyendo kochokera ku mtima zinkadziwika msanga, anthu n'kutumizidwa kuchipatala chachikulu nthawi ikadalipo. Zotsatirazi zinasindikizidwa mu 2003 m'magazini a madokotala, ndipo malemu anaitanidwa kumisonkhano ya kutali kukazifotokoza. Ine mapepalawo ndinayesa kuwawerenga koma tulo tinandipeza patsamba lachiwiri. Chimene ndinatolapo n'chakuti achimwene anakwera ndege kukauza anthu ophunzira zimene mayi athu ananena pangalande paja.

Mu 2006 anawapempha kuti ayambitse gawo lophunzitsa udokotala wa mabanja pasukulu ya madokotala. Anayamba ndi ophunzira anayi m'chipinda chimene kale chinali chosungiramo mipando yothyoka. Anakonza okha ndondomeko ya maphunziro, ndipo analimbikira kuti wophunzira aliyense azikakhala miyezi ingapo pachipatala chaching'ono, kumene kulibe makina ojambulira, kuti aphunzire kudalira maso, makutu ndi manja ake. Wodwala akangokhala pansi n'kumaliza kufotokoza, malemu ankamenya kabedi ndi chikhatho n'kunena kuti, "Gonanipo." Ndiko kunachokera dzina lija. Asanagwire munthu ankayamba atikita manja awo kuti atenthe, ponena kuti mimba ikamva kuzizira imadzilimbitsa n'kubisa zonse. Lero mukaona dokotala akutikita manja asanakugwireni, mumufunse amene anamuphunzitsa.

Panali malamulo awiri amene wophunzira aliyense ankawadziwa ngati dzina lake. Loyamba, usalembe mankhwala usanamugwire wodwala. Lachiwiri, dokotala asadzichize yekha, ndipo asachize wa m'nyumba mwake, chifukwa chikondi chimaphimba maso. Pa malamulo amenewa analibe chibale. Dokotala Wamng'ono atamaliza udokotala mu 2014 anasankha kutsata mapazi a bambo ake, ndipo pamayeso ena bambo ake omwewo anamulepheretsa chifukwa choiwala kuyang'ana mapazi a wodwala shuga. Kunyumba kunali zii sabata yathunthu. Alamu ankachita kunyamula mauthenga kuchokera kuchipinda china kupita kuchipinda china. Anabwereza, anakhoza bwino, ndipo mu 2019 anamaliza n'kupatsidwa chipatala chaching'ono choti aziyang'anira.

Malemu anapuma pantchito mu Disembala 2023. Tinkati tsopano adyerere, azisewera ndi zidzukulu, azisamalira maluwa amene sanawagulire alamu pofunsira paja.

Mu Januwale 2024, Dokotala Wamng'ono anaona kuti kolala ya malaya a bambo ake yayamba kulendewera, ndipo lamba wabooledwa bowo latsopano ndi msomali. Chakudya ankangochitosatosa. Akakwera masitepe a pakhonde ankaima kaye, n'kumanamizira kuyang'ana maluwa. Atawafunsa, anayankha moseka kuti ndi zilonda za m'mimba, matenda a anthu opuma pantchito, ndipo akuzidziwa bwino. Mwanayu akuti manja ankamuyabwa. Akakhala nawo pabalaza maso ake ankangothamangira pamimba pawo. Koma tanenani inu, mwana wamkazi angayambe bwanji kuuza bambo omubereka kuti vulani malaya? Ndiponso lamulo lachiwiri lija linali m'makutu mwake, m'mawu a bambo ake omwewo. Anachita chimene anaphunzitsidwa: anawapezera dokotala wina.

Mu Malichi anawakakamiza kupita kwa dokotala amene anali mmodzi mwa ophunzira anayi oyambirira aja. Malemu atalowa, dokotalayo anadzambatuka n'kuwapatsa mpando wake womwe, iye n'kukhala pampando wa odwala. Anaitanitsa tiyi. Malemu anayang'ana kabedi, anaona kuti palibe katoni, n'kumuyamikira. Anafunsa za ana, za ntchito, za ophunzira atsopano. Pamapeto anatchula okha dzina la mankhwala a zilonda, ndipo dokotalayo analemba. Anawaperekeza mpaka pagalimoto atawanyamulira chikwama.

Mu Juni mphamvu zinachepanso. Mwanayu anawatumiza kwa dokotala wachiwiri, nayenso wophunzira wawo. Uyu anayeza magazi n'kupeza kuti ndi ochepa. Malemu anafotokoza bwinobwino, monga ankachitira m'kalasi, kuti n'chifukwa chosadya mokwanira. Ndani akanatsutsa? Dokotalayo anaganiza kuti mnzake uja anawayeza kale pamimba mu Malichi, ndipo n'kupanda ulemu kuwavulanso aphunzitsi ake. Anawapatsa mapiritsi owonjezera magazi. Dokotala Wamng'ono ataimba foni kufunsa mmene awapezera, anauzidwa kuti aphunzitsi ali bwino ndithu, ndipo acheza kwambiri. Akuti mawu akuti acheza aja anamulasa mumtima, koma anadzitonthoza kuti madokotala awiri akuluakulu sangaphonye onse.

Abale, sitikuloza munthu chala. Madokotala awiriwa ali pompano, ndipo ndi amene analimbirana kunyamula bokosi m'mawa uno. Iwo ndi amene anatipempha kuti nkhaniyi inenedwe poyera, osabisa. Sanachite ulesi, sanachite mwano. Anawalemekeza. Tonse tinawalemekeza. Ifenso kunyumba tinkawaona akutha ngati sopo, koma tinkati mwini wake ndi dokotala wa madokotala, ife tinganene chiyani. Munthu amene anagoneka anthu osawerengeka pakabedi anasowa womuuza kuti agonepo.

Pa 17 Seputembala 2024, malemu anapita kuchipatala kwa mwana wawo kukamusiyira makiyi a galimoto. Sanafune kudumpha mzera, choncho anakhala pabenchi pamodzi ndi odwala. Dokotala Wamng'ono atatsegula chitseko kuti aitane wotsatira, anaona mkulu wina wowonda, wotuwa, akupuma mobanika, ndipo mumtima anati uyu ndimuone msanga. Atayang'anitsitsa ndi pamene anazindikira kuti ndi bambo ake. Kunyumba maso anali atazolowera, koma pabenchi paja anawaona mmene ankaonekera kwa anthu ena.

Anawalowetsa, anatseka chitseko, anakoka nsalu yotchinga. Anamenya kabedi ndi chikhatho n'kunena kuti, "Bambo, gonanipo." Malemu anamuyang'ana nthawi yaitali. Iye ankadikira kukumbutsidwa lamulo lachiwiri. Koma malemu anangoyamba kuvula. Anamasula mabatani limodzilimodzi, anapinda malaya bwinobwino, n'kugona ngati mwana womvera. Mwanayu anatikita manja, n'kuwaika pamimba. Malemu anangodandaula kuti manjawo akadali ozizira.

Sipanafunike kufufuza nthawi yaitali. Kumanja, m'munsi mwa mimba, kunali chotupa cholimba. Pansi pa nthiti, chiwindi chinali chitakula, chili ndi mabampu. Malemu maso anali pankhope ya mwana wawo, ndipo anamuuza kuti, "Nenani zimene mwapeza, adokotala." Iye ananena zonse mwadongosolo, monga anaphunzitsidwira, misozi ikugwera pamimba pa bambo ake. Atamaliza, malemu anagwedeza mutu n'kunena kuti wakhoza.

Sabata yomweyo anawajambula kuchipatala chachikulu. Inali khansa ya m'matumbo, ndipo inali itafalikira kale kuchiwindi. Madokotala a opaleshoni, anzawo aja ankawaseka za chimfine, anasonkhana m'chipinda chimodzi n'kuyang'ana zithunzizo mobwerezabwereza. Anatuluka mitu ili pansi. Panalibe choti n'kudula. Mankhwala anayesedwa mu Okutobala, koma ankangowafooketsa, ndipo malemu anapempha okha kuti awasiye abwerere kunyumba. Nyumba inadzaza madokotala usana wonse, ena ochokera kutali, aliyense ndi nzeru zake, koma panalibe ndi mmodzi yemwe wotha kubweza miyezi ija. Sindinaonepo anthu ophunzira chotero atakhala pakhonde manja ali m'masaya.

Mu Novembala malemu anachita chinthu chimene chinatidabwitsa. Anauza alamu kuti atulutse bedi laling'ono pabalaza ndi kupachika nsalu, kenako anaitanitsa ophunzira a chaka chomaliza. Anati chotupa chomveka bwino chotere sichipezekapezeka, ndipo n'kulakwa kupita nacho kumanda ana asanachigwire. Ankabwera m'timagulu. Aliyense ankatikita manja, ndipo malemu ankamugwira dzanja n'kulitsogolera pamalo pake, akumuuza kuti asakanikize ndi nsonga za zala koma ndi chikhatho chonse. Madokotala awiri aja anabweranso. Anaima pakhomo osafuna kulowa, mpaka malemu anawakalipira kuti akuchedwetsa mzera. Atagwira analira mokweza ngati ana, ndipo malemu anawauza kuti akalirire panja chifukwa akuwanyowetsera bulangeti. Ngakhale ine, wosadziwa kanthu, anandiitana. Ndinamva chinthu cholimba ngati peyala losapsa. Nditawauza, anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti mayi akanakhalapo akanatimenya tonse awiri.

Dokotala Wamng'ono anatenga tchuthi n'kumawasamalira yekha. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwapatsa mankhwala oletsa ululu. Manyazi aja, amene anamumanga manja miyezi yonse ija, anatha tsiku limodzi, ndipo akuti chimenechi ndicho chimamupweteka kwambiri: kuti chinali chinthu chaching'ono chotero. Pamaso pa bambo ake ankamwetulira, koma akatuluka ankakaima kuseri kwa nyumba n'kumayang'ana zikhatho zake.

Kumapeto kwa Januwale 2025, masana ena alamu ndi ine tili nawo m'chipinda, mwanayu anagwada pambali pa bedi n'kufunsa funso limene linkamudya. Anafunsa kuti akanawagoneka pakabedi mu Januwale wa chaka chatha, pamene anaona kolala ija, kodi akanachira? Inu amene munaphunzitsidwa ndi malemu mukudziwa kuti sankasiya funso la wophunzira lopanda yankho. Mukudziwanso kuti sananamizepo wodwala kapena m'bale wa wodwala, ngakhale kuti amutonthoze. Tinadikira. Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. Kenako anatenga manja a mwana wawo, anawaika pakati pa manja awo owonda aja, n'kuyamba kuwatikita pang'onopang'ono. Anachita zimenezo mpaka tulo tinawatenga. Yankho sanapereke, ndipo ife a banja tilibenso. Madokotala muli panonu tikupempha kuti mwanayu musamuyankhe; wafunsa kale ambiri mwa inu, ndipo aliyense wayang'ana pansi.

Malemu anatisiya m'mawa wa pa 3 Febuluwale 2025, kunyumba kwawo, kuwala kwa dzuwa kutangoyamba kulowa pawindo la pabalaza. Anali ndi zaka 66.

Asiya mkazi wawo, amene akhala naye zaka zoposa makumi atatu, ana atatu, wamkazi mmodzi ndi amuna awiri, zidzukulu zinayi, alongo awo awiri, ndi ine mng'ono wawo. Asiyanso kafukufuku wa chisamaliro cha okalamba m'zipatala zazing'ono, amene anali asanamumalize, ndi gulu la madokotala a mabanja limene ladzaza mbali yonse iyo.

M'malo mwa banja ndikuthokoza anamwino amene ankasinthana kubwera kunyumba ataweruka kuntchito, osayembekezera kanthu. Tikuthokoza akuluakulu a sukulu ya madokotala ndi ophunzira onse, a mpingo ndi a kwaya, aneba amene atsegula nyumba zawo kulandira alendo, amayi amene akhala kukhitchini chiyambire tsiku lija, ndi achinyamata amene akonza malo ogona malemu. Tikuthokozanso odwala awo akale, ena mwa inu mwayenda mtunda wautali ndi ndodo. Zonse taziona, ndipo mawu athu ndi ochepa.

M'mawa uno tisanatseke bokosi, banja linalowa kukatsanzika. Dokotala Wamng'ono anali womaliza. Anagwira manja a bambo ake, ndipo anatembenukira kwa mayi ake n'kunena ngati kamwana kuti, "Amayi, azizidwa." Anayamba kuwatikita. Anatikita, natikita. Abusa anali atayima pakhomo, onyamula bokosi akudikira, nthawi ikupita. M'chipindamo munali madokotala oposa khumi, ndipo aliyense ankadziwa kuti manjawo satenthanso, koma panalibe amene anapeza mawu omuletsera. Tinangoima mpaka anasiya yekha.

Achimwene, a Gonanipo, ife zatikanika. Mulungu amene anakupatsani manja amenewo akulandireni, ndipo atonthoze mwana wanuyu, pakuti ife sitikudziwa poyambira. Mzimu wanu uuse mumtendere.